Diski Imene Inkayenda ndi Minibasi

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza kukwaya. Ba Mwila, amene ankaimba besi, anali atachotsedwa ntchito migodi itagulitsidwa, ndipo anaganiza zotsegula kafe ya intaneti ku Matero. Atamva kuti ndinaphunzirako makompyuta, anandiuza mosapita m'mbali: intaneti iyake pofika Loweruka, apo ayi aitana munthu wa m'tauni, ine ndibwerere kukagulitsa salaula, zovala za kaunjika, ndi azakhali anga. Sindinachite mantha.

Ndinaika Linaksi, pulogalamu yoyendetsa kompyuta, m'makompyuta awo akale kuchokera pa diski imene anaipeza kwa mnzawo. Zonse zinayenda myaa, kupatula modemu, kachipangizo kolumikizira kompyuta ku intaneti. Kapulogalamu koilankhulitsa ndi kompyuta kanabwera kosamanga, koti umange wekha. Ndikalamula kuti kamangidwe, makina ankabwebweta pang'ono n'kuima: fayilo yothera ndi .h palibe.

Mafayilo amenewa, otchedwa maheda, ali ngati patani ya telala. Malaya osokedwa kale umavala popanda patani, koma atsopano sungadule. Mahedawa amabwera m'phukusi lapadera la omanga mapulogalamu, ndipo pa diski yanga panalibe. Kuwatenga pa intaneti kunkafuna modemu yomwe inali gonee ija.

Lachisanu, thukuta litayamba kutuluka, ndinafunsa Ba Mwila ngati diskiyo inabwera yokha.

"Yenze yabili," anatero. "Manje yachibili yenze chabe ya spea. Ninapasa mulamu wanga."

Mlamu wawoyo ankayendetsa minibasi ya Matero. Ndinakaima pa siteji mtima uli m'mwamba, kusuzumira basi iliyonse. Yake itafika, ndinaiona diski yachiwiri ija ikulendewera pagalasi, yomangidwa ndi ulusi wofiira, ikung'anima padzuwa.

"Awe ba sisita, iyi ndiye iwamisa basi yanga!" anakana nditaipempha.

Ndinamupatsa diski ina yokalika imene inali m'chikwama changa. Anaiyang'ana uku ndi uku, naona kuti kung'anima n'kumodzi, n'kumasula ulusi.

Nditabwerera ku kafe, diski ya pagalasi ija ndinaitsuka ndi sopo, n'kuipukuta kuchokera pakati kupita m'mphepete. Inawerengeka. Ndinaika phukusi la maheda, kapulogalamu kanamangika mpaka kumapeto, ndipo modemu inalira kulira kwake kosasangalatsa kuja. Ba Mwila anaiyankha ndi besi. Ine ndinasangalala.

Salaula sindinagulitsenso. Mpaka lero, munthu akandipatsa chinthu n'kunena kuti chinzake ndi cha spea chabe, ndimayamba kufuna chinzakecho ndisanakhale n'komwe pansi.