Ndinalemba Dzina la Abiti Saidi Ndisanawafunse

Inu owerenga, ndine mtsikana wa sekondale kuno ku Lichinga, ndipo chaka chatha ndinatsala pang'ono kukwapulitsa mayi wosalakwa chifukwa cha zimene ndinalemba ndi dzanja langali. Nkhaniyi yakhala m'kabuku kanga kamene ndimalembamo za tsiku ndi tsiku, koma ndaona kuti kuibisa sikuthandiza munthu.

Kwathu ku Chiuaula kuli bolodi lalikulu pafupi ndi sitolo ya koperativa. Ndiyo nyuzipepala yathu. Lolemba lililonse mwana wasukulu amalembapo nkhani ndi choko, ndipo odziwa kuwerenga amamasulira anzawo m'Chinyanja ndi m'Chiyao ali pamzere wodikira sopo kapena shuga. Aphunzitsi anasankha ine chifukwa ndimalemba zooneka bwino. Ndinanyada kwambiri, pakuti ndimafuna kudzakhala mtolankhani.

Tsiku lina ndili pamzerepo, ndinamva amayi awiri akunong'onezana kuti Abiti Saidi, mayi wamasiye wa kumunsi kwa msewu wathu, adzaza chipinda ndi matumba a mbatatesi. Ankati akudikira kuti njala ikule kuti adzagulitse pa kandonga, malonda obisa aja oletsedwa. Inenso ndinali nditaonapo anthu achilendo akulowetsa matumba m'nyumbamo. Ndinati ndapeza nkhani yeniyeni, osati zosesa misewu zimene ndinkalemba masabata onse. Sindinauze aphunzitsi, kuopa kuti andiletsa. Lolemba m'mawa ndinalemba dzina lawo ndi zilembo zikuluzikulu, kuti akubisa chakudya anthu akufa ndi njala.

Dzuwa lisanafike paliwombo, amilisiya, asilikali olondera dera lathu, anali atawatenga pamodzi ndi matumba awo. Kunamveka kuti Loweruka pamsonkhano adzakwapulidwa ndi chikoti anthu onse akuona, monga amachitira ndi a kandonga.

Mawa lake ndinapita ku ofesi ya sekeretariyo wa dera lathu, ndikuyembekeza kuyamikiridwa. Ndinapeza matumba ali pakhonde, ena atamasulidwa. Mbatatesi zake zinali zing'onozing'ono, zokhwinyata, zitatulutsa timphukira tofiirira. Thumba lililonse linali lomangidwa ndi kansalu ka mtundu wakewake. Bambo wina wachikulire amene anabwera kudzadinditsa chikalata cha ulendo anatola imodzi n'kuseka. Anati, “Kandonga wa mbewu? Amene angagule izi kuti adye ndiye kuti mano ake ndi a mbuzi.”

Ine mwana wa kalaliki, wokulira m'tauni, sindinkadziwa kuti mbatatesi za mbewu amazisunga m'nyumba mpaka zitaphukira.

Ndinapempha kuti ndione Abiti Saidi. Anali atakhala pansi m'kachipinda kakuseri, mpango utagwera paphewa. Anandifotokozera mosakweza mawu kuti matumbawo ndi a mabanja a kumudzi kwawo amene anathawa nkhondo n'kumagona kwa achibale ku Assumane, kopanda posungira kanthu. Aliyense anamanga kansalu kake kuti adzazindikire mbewu yake mvula ikagwa. Zimenezi anali atauza amilisiya, koma iwo anayankha kuti zalembedwa kale pa bolodi. Kenako anandiyang'ana n'kunena kuti, “Mwanangu, pakhomo panga umadutsa tsiku lililonse popita kusukulu. Ukanangoti odi.”

Inu owerenga, mawu amenewo anandipweteka kuposa mbama.

Ndinauza asekeretariyo kuti ndinalemba zongomva pamzere. Iwo anakanda mutu. Anati, “Kamarada wamng'ono, anthu akwiya chifukwa cha bolodi lako. Ndikawamasula chamseri anena kuti ndadya nawo. Moto unayatsa ndiwe, kauzimitse komweko.”

Ndinalira njira yonse. Ndinkaopa manyazi, ndinkaopanso kuti andilanda ntchito ija. Mayi anga atamva sanandikalipire, anangovala nsapato n'kundiperekeza ku Assumane. Tinayenda khomo ndi khomo mpaka tinapeza eni matumba. Ndinalemba zimene aliyense ananena, ndi mtundu wa kansalu kake.

Lachinayi ndinafufuta bolodi lonse. Ndinalemba kuti Abiti Saidi sanalakwe, kuti wolakwa ndine amene ndinalemba osafunsa, ndipo pansi pake ndinaika dzina langa. Kenako ndinaima pamzere paja n'kuwerenga ndekha mokweza m'Chinyanja, mayi wina akumasulira m'Chiyao. Ena anandiseka. Amayi awiri aja anayang'ana kumbali ngati sakundidziwa. Loweruka eni mbewu anabwera pamsonkhano, aliyense n'kuloza thumba lake asanalitsegule, ndipo Abiti Saidi anapita kwawo chikoti chisanawakhudze.

Komabe anagona masiku asanu pasimenti yozizira ya Lichinga, ndipo mpaka lero alipo ana amene amawakuwiza kuti a kandonga. Zimenezo chofufutira changa sichingachotse. Iwo anandikhululukira, moti ndikadutsa amandiitana kuti ndiwawerengere makalata a mwana wawo amene ali ku usilikali. Aphunzitsi anandisiyira ntchito ija, koma tsopano palibe dzina la munthu limene limakwera pa bolodi tisanakamve mbali yake, ndipo timapita awiri, ine ndi mnzanga wa kusukulu.

Ndikadali ndi chiyembekezo chodzalemba m'nyuzipepala yeniyeni nkhondo ikadzatha. Inu anzanga amene mwapatsidwa choko, cholembera kapena wailesi, anthu amakhulupirira cholembedwa kuposa pakamwa pa mayi wosauka amene sangathe ngakhale kuwerenga zimene mwamunenera. Musathamange. Pitani kaye kwa munthuyo, mukhale pansi, mumufunse. Mukalakwa, vomerani pamalo pomwe munalakwirapo, ndi zilembo zazikulu chimodzimodzi, tsiku la chikoti lisanafike.