Makutu a Mustafa

Tausi wa ku Chipoka sankadziwa kugonja pa mkangano. Pasiteshoni pomwe ankagulitsa usipa wouma ankalimbana ndi ogula, pachitsime ankalimbana ndi anzake, koma mkangano umene unamudya moyo unali wa mwana wake Mustafa.

Mustafa anabadwa chaka chimene amuna ankatengedwa kupita ku nkhondo ya azungu. Anafika zaka zisanu osatchula ngakhale "amayi". Ukamuitana, ngati waitana mtengo. Ankangokhala pamchenga kundandalika zigoba za nkhono pamzere, ndipo wina akasuntha chimodzi, kulira kwake mudzi wonse unkadziwa. Anthu anagamula kuti ndi gonthi.

Mawu amenewa ankamuwawa Tausi. Gonthi wanji wotseka makutu sitima yapamtunda isanamveke kwa wina aliyense? Anayamba kufufuza yekha. Akagwetsa chikho kuseri kwa nyumba, mwana ankadzidzimuka. Akang'amba kansalu, ankacheuka. Koma akatchula dzina lake, zii. Tausi anafunsa azamba, anafunsa shehe, anafunsa sing'anga. Aliyense anali nalo yankho, koma palibe amene anakhala pansi n'kumuyang'anitsitsa mwanayo.

Mwamuna wake, a Saidi, msodzi wa dzanja lolemera, anali atavomereza kale za ugonthiwo. Ana awo ena ndodo ankaidziwa bwino. Mustafa yekha inkamulambalala, poti gonthi sumumenyera kusamva.

Tausi anaumirira mpaka onse atatu anapita kuchipatala ku Salima. Wothandiza dokotala, a Lawson, anasuzumira m'makutu mwa mwanayo, kenaka anagwetsa mbale yachitsulo kumbuyo kwake. Mustafa anakuwa.

"Makutu ali bwinobwino, mayi," anatero a Lawson.

"Nanga chavuta n'chiyani, adokotala?"

"Chimenecho sitinaphunzire. Wotsatira alowe."

Tausi anatuluka atapambana, koma chimanjamanja. Atafika kunyumba a Saidi anamuitana mwanayo, n'kumuitananso. Mustafa anali pa zigoba zake. A Saidi anapita kukathyola nthambi ya bwemba.

"Ndiye kuti amamva, amake Mustafa. Zaka zonsezi wakhala akundichita mwano."

Tausi anaima pakati pawo. Chomupweteka kwambiri chinali choti ndodoyo anaiitana yekha ndi pakamwa pake.

"Adokotala aja sadziwa kanthu, bambo ake. Ndinam'bala ndine. Mwanayu ndi gonthi."

A Saidi anamuyang'ana kwa nthawi, nthambi ili m'manja. Kunjanji kunali chete, koma Tausi anaona manja a Mustafa akuyamba kukwera kumakutu: anali ataimva kale sitima. Anagwada msanga ngati akumusasa mchenga, n'kugwira timanja tonse tiwiri, kutipanikiza m'nsalu yake mpaka sitima inalira, inafika, inadutsa.

Ndipo ankatero tsiku lililonse la sitima, a Saidi akakhala pakhomo.