Mbasela ya NyaGoma

Ku Kambombo, m'boma la Chama, mukafunsa za Tryness Goma, anthu adzangokuyang'anani ngati mwasochera. Nenani kuti NyaGoma wa mpunga, pamenepo aliyense adzakulozerani njira. Mayi ameneyu tingati anabadwira m'dambo, chifukwa amake matenda anawayamba akupalira mpunga, ndipo pofika kumudzi anali atamufukata kale m'chitenje. Sukulu analekezera giredi faifi. Anakwatiwa, anabereka ana anayi, kenako mwamuna anamwalira ndi chifuwa. Anatsala ndi dambo, njinga yopanda mabuleki, ndi mbewu ya mpunga wonunkhira imene amake anamusiyira.

Amakewo anamusiyiranso lamulo limodzi. "Munthu akagula, asapite ndi muyeso wokhawokha. Tapa dzanja limodzi umuthirire mbasela. Kupatsa n'kuika." NyaGoma analigwira lamulolo ngati la m'Baibulo. Ngakhale mavenda aja obwera ndi masikelo abodza, amene ankatchula mtengo ngati akutukwana, ankawathirirabe mbasela yawo uku mtima ukuwawa.

Zinthu zinasintha atabwera a Perpetua, namwino wochokera ku Kabwe amene boma linawatumiza kuchipatala chaching'ono cha ku Kambombo. Atalawa mpungawo anaika supuni pansi.

"Amama, mpunga uwu mukutayira mavenda? Ku Lusaka anthu angalimbirane!"

"Ku Lusaka ndikafika bwanji, asisita? Panjinga iyi?"

"Manje msika uli pafoni, amama. Bweretsani foni yanu."

Nthawi imeneyo misika ya pafoni yotere inalipo itatu. A Perpetua anasankha waukulu, wa kampani yakunja yotchedwa Gulapano. Polembetsa panatuluka Chingerezi chambirimbiri, tizilembo ngati nyerere. A Perpetua anangoseseretsa chala mpaka pansi n'kudina pobiriwira.

"Akuti chiyani pamenepo?" anafunsa NyaGoma.

"Aa, ndi zija amangolemba paliponse."

Musawaimbe mlandu a Perpetua. Ndani mwa inu anawerengapo zimenezija?

Zaka zitatu zinayenda bwino, ndisaname. Oda ikalowa, NyaGoma ankapeta, kusankha timiyala, kusoka thumba, n'kupalasa njinga mpaka ku boma kukakweza pabasi. Matumbawo ankafikira kudepoti ya kampani ku Chipata, ndipo akampaniwo ndiwo ankaperekera kwa ogula. M'thumba lililonse ankaikamo kapulasitiki komanga mfundo, ka mbasela. Nyumba anafolera malata. Mwana wake wamkazi anapita ku sekondale. Koma chimene chinkamunyaditsa kwambiri chinali anthu ake. Ankawatchula choncho, "anthu anga", ngakhale sanaonepo nkhope ya mmodzi yemwe. Pafonipo pankangooneka dzina loyamba ndi tauni. Manambala awo kampani inkasunga yokha.

Pa onsewo ankakonda mayi wina, a Lena a ku Kitwe, amene ankagula mwezi ndi mwezi osaphonya. Ankalemberana timawu tiwiri titatu m'kabokosi ka mauthenga ka kampaniyo. "Mbasela ndaiona, amama. Mukundikumbutsa kwathu."

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kumapeto kwa chaka chachitatucho Gulapano inagula misika iwiri ija n'kuitseka. Kenako inayamba kugulitsa mpunga wakewake, m'matumba okongola olembedwa kuti ndi wa ku Chama. Munthu akafufuza mpunga pafoni, woyamba kuoneka unali wa kampani, wachiwiri wa kampani, wachitatu wa kampani. Wa NyaGoma unkapezeka pansi penipeni, kumene chala chimafika chitatopa. Mwini msika ndiye analinso wogulitsa mumsikamo, ndiye mukuganiza kuti benchi la pakhomo akanapatsa yani? Maoda anachepa. Anatsala ndi anthu ake akale okha, amene ankamufunafuna ndi dzina.

Tsiku lina a Lena anaitanitsa matumba atatu nthawi imodzi, n'kulemba kuti: "Amayi anga atisiya. Mpungawu ndi wa pamaliro."

NyaGoma anakhala pansi pakhonde, foni ili m'manja. Kwawo uthenga wa maliro suyankhidwa ndi chala. Umapita, umakhala pamphasa, umalira nawo. Ukalephera kupita, mawu ako amvekeko ndithu. Anatapa mbasela manja atatu, kenako anang'amba pepala m'kope lakale la mwana wake n'kulemba ndi zilembo zake zokhotakhota: "Pepani ndi maliro, mwana wanga. Ndine NyaGoma. Nambala yanga ndi iyi. Mundiimbire ndikupepeseni ndi pakamwa." Anaika kapepalako m'thumba n'kusoka.

Kudepoti thumbalo linapitirira kulemera kwake pasikelo. Analitsegula, ndipo anapeza kapepala. Patapita masiku awiri foni inalira, ndipo a Perpetua ndiwo anamuwerengera uthengawo. Sitolo yake ya pafoni ija yatsekedwa mpaka kalekale, chifukwa waphwanya pangano poyesa kuba makasitomala a kampani.

"Kuba? Ine?" NyaGoma anadzigwira pachifuwa. "A Lena ndi a kampani? Inawaphikirapo kampaniyo?"

Anayesa kuimba. Kunkayankha mawu a makina, aulemu kwambiri, omuuza kuti adine nambala wani, adine thuu. Munthu wamoyo sanamupeze. Mayina onse a anthu ake, ndi timauthenga tonse ta zaka zitatu, zinatsekeredwa mkati. Kupita kwina? Kuti? Misika ina ija inali itamezedwa kale.

Itatha miyezi inayi kunamveka kuti ku boma kwabwera anthu a ofesi yoona za mpikisano pamalonda, kudzamva madandaulo. NyaGoma anavala chitenje chake cha kutchalitchi n'kupalasa. M'holomo anapeza bambo wina wachifatse, a Eugene, amene anamumvetsera mpaka kumapeto osayang'ana wotchi.

"Amama, lamulo lilipo," anatero. "Wamkulu pamsika saloledwa kugwiritsa ntchito ukulu wake kufinya ang'onoang'ono. Zimene mwanenazi tazimvanso kwina, ndipo tikufufuza. Koma tifunika umboni. Muli ndi mayina ndi manambala a ogula anu?"

"Ali m'foni."

"Tioneni."

"Anatseka."

A Eugene anavula magalasi n'kupukuta m'maso. Anafotokoza kuti kampaniyo likulu lake lili kutsidya kwa nyanja, ili ndi maloya ochuluka, ndipo nkhani zotere zimatha zaka ziwiri, mwina zitatu. Analemba dandaulo lake lonse bwinobwino, n'kumupatsa kapepala kodinda chidindo.

"Manje mpunga wa chaka chino ndiudyetse anankafumbwe podikira zaka zitatuzo?" anafunsa NyaGoma.

A Eugene anali munthu woona mtima, ndipo bodza lomutonthoza analibe.

Mpunga sudikira lamulo, abale. Mwezi wa Ogasiti kunabwera lole pa Kambombo. Amene anatsikamo anali Jeremiah, mmodzi wa mavenda aja a masikelo abodza, koma tsopano atavala malaya olembedwa Gulapano. Mavenda onse a m'derali anali atalowa ntchito kumeneko, choncho mtengo unali umodzi, wotchula iye. NyaGoma anaima pamzere ndi matumba ake. Zinamupweteka, zinamuchititsa manyazi, koma mwana anafunika kubwerera kusukulu.

"A NyaGoma, mwabwerera kwa ife?" anaseka Jeremiah. "Musadandaule, mpunga wanu upita ku Kitwe komweko, m'thumba lokongola."

"A Jeremiah, inu muli mkati. Thumba lija la maliro linafika? Kapepala kanga anawapatsa a Lena?"

"Ine ndingadziwe bwanji, amama? Ine ndi sikelo basi."

Jeremiah anathira mpunga m'thumba la kampani mpaka manambala a pasikelo anakwana. Pamenepo dzanja la NyaGoma linapita lokha m'thumba lake, monga lakhala likuchitira zaka makumi atatu, n'kutapa. Jeremiah anatchinga ndi mkono.

"Iyayi, amama! Ikapitirira makina akana. Bwezani."

NyaGoma anaima choncho, mpunga uli m'dzanja. Anayang'ana Jeremiah, anayang'ana lole, anayang'ana anzake a pamzere, aliyense ali ndi mpunga wakewake. Panalibe woti amupatse.

Kapepala ka a Eugene akadali nako, anakapinda n'kukasunga m'Baibulo. Foni ikalira ndi nambala yachilendo amaithamangira mpaka lero, ngakhale ali pakati pa dambo, matope ali m'mawondo. Amayankha akupuma mwabefu, "A Lena?" Nthawi zonse amakhala munthu wina.