Mapiritsi a Esinati m'ngalande ya ku Kanyama

Lachiwiri ndinapita ku Kanyama kukaona mlongo wanga Esinati, amene akudwala khansa ya m'matumbo. Ndinapeza amayi a kumpingo atadzaza nyumba. Mwambo wathu mukuudziwa: wozonda matenda sabwera chimanjamanja, ndipo wodwala sakana chimene wapatsidwa.

Patebulo panali botolo la madzi akuda bii. Mapiritsi a kuchipatala panalibe.

"Mapiritsi ali kuti?" ndinafunsa.

"Tinataya mu ngalande, ba Tembo," anayankha amake Joyisi, mtsogoleri wa gululo. "Vija ni makemiko, vimusanzitsa chabe. Ivi ni vamizu, va Mulungu."

Esinati anangoweramitsa mutu. Akanawakaniza bwanji anthu obwera ndi nyimbo?

Ine sukulu ndinaiyamba ndili kale ndi ndevu, motero kufunsa sindichita nako manyazi. Wopereka mankhwala kuchipatala anandijambulirapo kamphete papepala. Anati mankhwala ambiri a khansa amamangidwa pa timphete totere, tosaoneka ndi maso: maatomu a kaboni ogwirana mozungulira, pakati pawo palowa mlendo, monga naitrojeni. Kamphete ka mankhwala a Esinati kamafanana ndi njerwa imene khansa imamangira maselo atsopano. Khansayo imatola njerwa yabodzayo mwadyera, khoma lake n'kugwa.

Ndiye inu amayi a kumpingo, makemiko amene mukuwaopawo ndi ati? Timphete ta mtundu womwewu tili mu tiyi amene munamwa m'nyumba ya mlongo wanga. Tili m'magazi mwanu. Timpheteto anatiumba ndani, ngati si Mulungu yemweyo?

Inde, mankhwalawo amasanzitsa, amafoola. Koma akatswiri anawayesa, mlingo wake ukudziwika. Nanga m'botolo lanulo muli chiyani? Amene anakugulitsani botololo pa siteshoni ya minibasi adzabwera ku maliro?

Chondikwiyitsa kwambiri si umbuli ayi, ndi ulemu wathuwu. Timalolera m'bale afe, bola mlendo asakhumudwe. Ku Chingwere kuli manda a m'bale wina amene sindinamuteteze ku botolo lotere. Ndimapitako ndekha, ndipo ndikudziwa kulemera kwa kukhala chete.

Lachitatu ndinabwerera naye Esinati kuchipatala. Anamupatsa mapiritsi ena, koma dokotala anati masiku otayikawo sabwerera.

Amake Joyisi akuti abweranso Loweruka. Adzandipeza pakhomo. Nyimbo zidzalowa, mapemphero adzalowa, botolo lidzatsala panja.

Nanga kwanuko, pakhomo pa wodwala wanu paima ndani?