Nsapato za Ana pa Masitepe a Nyumba ya Malamulo

A Hanumakka amadzuka akhwangwala asanayambe kulira. Amasamba madzi ozizira, kuyatsa kanyale patsogolo pa mulungu wawo, kenaka kuwaza madzi pakhomo ndi kujambulapo maluwa ndi ufa wa mpunga. Khofi amamwera chiimire, pakuti basi yoyamba sidikira munthu. Dzuwa likamatuluka amakhala atafika kale ku nyumba ya malamulo ya chigawo chathu, tsache lili m'manja.

Gawo lawo ndi masitepe amiyala akumaso. Awasesa zaka makumi awiri ndi ziwiri. Chiphaso chawo n'chapanja, chimathera pachitseko. Kwa abale amangoti, "Ndimagwira ntchito ku nyumba ya malamulo," ndipo mdzukulu wawo Sinchana, wa zaka zisanu ndi zinayi, amene amakhala ndi makolo ake kumudzi, anaiwanditsa nkhaniyo pasukulu ponse.

Ndiye itabwera foni yoti Lachinayi kalasi ya Sinchana idzaona nyumbayo, anada nkhawa. Mwana adzawapeza ndi tsache, anzake akuona. Anaganiza zonamizira kudwala mutu, koma atayang'ana kanyale kaja anachita manyazi, napita.

Ana anatsika basi m'mizere iwiri, tsitsi likunyezimira mafuta a kokonati. A Hanumakka anabisala kuseri kwa chipilala. Anawo atafika m'munsi mwa masitepe anayang'ana kumwamba, kukamwa kuli yasa. Palibe anawauza: onse anavula nsapato monga amachitira pakachisi, ena n'kugwira mwala woyamba ndi kudzigwira pachipumi. Aphunzitsi anali patsogolo ndi mapepala, osaona kanthu.

"Aaa, inu! Muno mulibe mulungu!" anakuwa a Nanjappa, apolisi apakhomo. "Kawaoneni kaye ali m'katimo, muona ngati mungavulenso!"

Koma ana anali atakwera kale chothamanga, miyala ikuwawotcha kumapazi.

"Akka, muli kuti?" a Nanjappa anaitana a Hanumakka. "Chotsani msika uwu nduna isanafike, apo ayi ndizikankhira kumsewu."

A Hanumakka anatuluka. Nsapato zinali mbwee. Anazitola ziwiriziwiri, nazindandalika pamthunzi. Za Sinchana anazidziwa msanga, popeza anamugulira okha pa chikondwerero cha Dipavali. Anazipukuta ndi nsonga ya nsalu yawo ya sari.

Patapita ola limodzi ana anatuluka. Pobisala panalibenso, poti nsapato za ana a eni sungazisiye zokha. Anangoima, tsache lili kumbuyo.

"Ajji!" Sinchana anatsika masitepe awiriawiri, nawakumbatira m'chiuno. "Awa ndi agogo anga aja!"

"Iii, kani agogo akowo ndi osesa?" anatero mtsikana wina.

"Nanga masitepewa umayesa amadzinyambita okha? Vala nsapato zako, anakusungira ndi iwowa," anayankha Sinchana. Kenaka anatembenuka. "Ajji, bwanji simunandiuze kuti kapeti wa m'katimo ndi wobiriwira ngati munda wa mpunga? Ndipo mukuzizira ngati mumtsuko! Inu mumakhala pati?"

"Sindinalowemo, mwana wanga. Ine ndimalekezera pano."

Sinchana anawayang'ana, nayang'ana chitseko.

"Ndiye tiyeni ndikakuonetseni. Njira ndaidziwa."

Anawakoka dzanja. A Nanjappa, amene sasowa chonena, anayamba kukonzakonza lamba wawo.

"Basi ikusiya," anatero a Hanumakka. Anagwada namuveka nsapato, monga ankachitira ali wamng'ono.

Basi itapita anayamba kusesa fumbi la timapazi tija, akuthokoza Mulungu kuti mwana sanawakane. Atafika pa sitepe yomaliza, pafupi ndi chitseko, anaima pang'ono. Pamenepa ndi pamene anaimitsapo kapitawo wawo, chaka chimene amuna awo anamwalira. Munthuyo anangoyang'ana ngati masitepe ayera, n'kudutsa, ndipo anapuma ntchito kalekale. Mawu amene a Hanumakka anamupempha nawo tsiku limenelo amawakumbukirabe.

"Bwana, tsiku lina lopanda msonkhano mundilole ndikasuzumireko m'katimo. Ndidzavula nsapato, ndipo sindidzagwira kanthu."