Mwana amene ndinamujambula m'mwezi wa Juni

Chaka chimenecho ndinkaphunzitsa kalasi yachinayi pa sukulu ina ya pulayimale ku Assumane, mumzinda wa Lichinga. Amene anakhalapo ku Lichinga m'mwezi wa Juni akuchidziwa chisanu chake. Ana amalowa m'kalasi atapisa manja m'khwapa, ndipo ola loyamba limatha zala zisanayambe kugwira bwino pensulo.

Pa benchi yakutsogolo pankakhala mtsikana wina wa zaka khumi, wanzeru pa masamu, wokonda kuyankha ndisanamalize funso. Tsiku lina m'mawa anabwera wopanda kamizola, juzi yamphepo, atangovala malaya a yunifolomu, milomo itauma, akunjenjemera. Ndinamumvera chisoni. Ndinamuimika pakhomo la kalasi pomwe pankawala, n'kumujambula ndi foni yanga. Anamwetulira, poyesa kuti ndikumujambula chifukwa chokhoza mayeso. Nditaweruka ndinaika chithunzicho pa tsamba langa la pa intaneti, n'kulemba kuti ana athu akuzizidwa, amene ali ndi zovala zamphepo atithandize. Sindinafunse mwanayo, makolo akenso sindinawafunse. Maganizo amenewo sanandifikire n'komwe.

Anthu anathandizadi. Pasanathe masabata awiri tinalandira matumba awiri a makamizola, ndipo a diretora, mkulu wa sukulu yathu, anandiyamika pamaso pa aphunzitsi onse. Ndinayenda monyada masiku amenewo.

Kenako mtsikana uja anasintha. Anasamukira ku benchi yakumbuyo, analeka kukweza dzanja, ndipo nthawi yopuma ankaima yekha kukhoma. Tsiku lina ndinamva anyamata a kalasi yachisanu ndi chimodzi akumukuwiza kuti wamasiye. Ndinawakalipira, koma ndinangoti ndi zachibwana. Sabata yotsatira sanabwere kusukulu.

Lolemba linalo kunabwera amayi ake. Ndinkawadziwa, ankagulitsa mbatatesi kumsika. Anandipatsa moni mwaulemu, n'kukana mpando umene ndinawapatsa. Anamasula mfundo ya kapulana, chitenje chawo, natulutsa foni yomwe anabwereka kwa oyandikana nawo nyumba.

"A pulofesora, ndiwerengereni apa. Ine Chipwitikizi cholemba chimandivuta, koma ena andiuza kale. Ndikufuna ndimve pakamwa panu."

Chinali chithunzi changa chomwe chija, koma pa tsamba la anthu osawadziwa. Pansi pake analemba kuti mwanayu makolo ake onse anamwalira, amagona mumsika, ndipo wachifundo atumize thandizo pa nambala inayake. Ndinawerenga mokweza mpaka kumapeto.

"Ndiye kuti ine ndinafa," anatero mayiwo. Sanakweze mawu. "Bambo ake amene apita ku Meponda kukagula nsomba, nawonso anafa. Mwatiika m'manda tikuyenda."

"Mayi, ine ndinkafuna kuthandiza. Mwana anabwera wopanda kamizola."

"Kamizola ali nayo. Ndinaichapa Lamlungu, ndiye ndi nkhungu ija sinaume. Mukanangomufunsa."

Ndinapepesa, iwo anangogwedeza mutu n'kumanganso foni ija pa kapulana.

Tsiku lomwelo ndinafufuta chithunzicho pa tsamba langa. Mphunzitsi mnzanga wodziwa bwino za mafoni anandithandiza kudandaula kuti tsamba la akuba amene ankapempha ndalama ndi chithunzicho litsekedwe. Linatsekedwa, koma patapita masiku chithunzicho chinatulukiranso pena, ndi mawu ena. Pamenepo m'pamene ndinamvetsa kuti sichilinso m'manja mwanga.

Loweruka ndinapita kwawo. Ndinamupeza mtsikanayo akutola nyemba palichero kuseri kwa nyumba. Ndinakhala naye pansi, n'kumuuza kuti ndinalakwa ndine, iye sanalakwe kanthu. Anafunsa maso ali palichero.

"A pulofesora, anthu aja akundionabe?"

Ndinafuna kunena kuti ayi. Ndinamuuza kuti ena akumuonabe, ndipo sindikudziwa kuti zidzatha liti.

Anabwereranso kusukulu mu Ogasiti. Anyamata aja tinawaitanira makolo, ndipo kukuwiza kunatha. Koma iye sanabwerere ku benchi yakutsogolo. Masamu ankakhozabe m'kope, pakamwa pokha ndiye panatsekeka. Ndikatulutsa foni kuti ndione nthawi, ankaweramira pansi.

Mu Novembala, mayeso atayandikira, aphunzitsi tinakhala pansi kukonza za chaka chamawa. A diretora anali ndi pepala lawo: mabenchi osweka, zitseko za zimbudzi za atsikana, makalasi olowa m'mawa ndi olowa masana, ndiponso kalata yopita kwa makolo. M'kalatamo munali ndime yochenjeza za mafoni, kuti ana asamacheze ndi anthu osawadziwa, asamatumize zithunzi zawo, ndipo makolo aziyang'ana zimene ana akuonera. Atamaliza kuwerenga ndinapempha kulankhula.

"A diretora, ndimeyi ikunena ana ndi makolo okha. Chaka chino amene anapweteka mwana ndi foni pasukulu pano ndine. Tilembemonso za ife."

Mphunzitsi wina wachikulire, bambo wofatsa amene anaphunzitsa zaka zambiri, sanagwirizane nazo. Anati popanda zithunzi palibe amene amatithandiza, ndipo denga la kalasi yachiwiri linakonzedwa chifukwa anthu anaona ana akunyowa. Ankanena zoona, ndipo tinakambirana mpaka dzuwa kupendeka. Pomaliza tinagwirizana kuti mphunzitsi asajambule mwana popanda chilolezo cha kholo ndi cha mwanayo, ndipo pofuna thandizo tizijambula denga kapena benchi, osati nkhope. Tinawonjezanso kuti mwana akasintha khalidwe mwadzidzidzi, mphunzitsi apite kwawo sabata yomweyo. Ine ndinali nditadikira mpaka kholo kubwera lokha.

Pa msonkhano wa makolo wotsekera chaka, kalatayo inawerengedwa m'Chipwitikizi, n'kumasuliridwa m'Chiyao ndi m'Chinyanja. Itafika ndime ija, ndinaimirira n'kunena kuti lamuloli labwera chifukwa cha ine. Mwanayo sindinamutchule, ngakhale ambiri ankadziwa. Amayi ake anali atakhala kumapeto, pafupi ndi mpanda.

Anthu atabalalika anabwera pomwe ndinaima. Ndinaganiza kuti abwera kudzanena za zimene ndinalankhula, koma anali ndi nkhani ina.

"Ndikufuna kalata yosamutsira mwana. Chaka chamawa akakhala ndi mchemwali wanga ku Lione."

"Mayi, wakhoza bwino. Anzakenso anasiya zija."

"Ndikudziwa. Sikuti ndakusungirani mkwiyo, a pulofesora. Wapempha yekha. Akuti kumeneko palibe amene anachiona chithunzi chija."

Ndinapita nawo ku ofesi, ndipo kalatayo ndinailemba ndekha, a diretora n'kudinda. M'kaundula wa chaka chamawa wa kalasi yachisanu, amene tinali titalemba kale, ndinadula mzere pa dzina lake.

Ndikuphunzitsabe pasukulu yomweyo. Amayi aja ndimakumana nawo kumsika, timapatsana moni, ndimagula mbatatesi. Nthawi ina anandiuza kuti mwana akupitiriza sukulu ndipo aphunzitsi ake kumeneko amamuyamika pa masamu. Ndinawapempha kuti akamupatse moni wanga. Anavomera, koma sindinawafunsepo ngati anakaupereka.