Feteleza wafika ku wodi ya ana

Lachiwiri lapitali ndinanamiza chipatala chonse, ndipo mpaka lero kulapa kukundikanika.

Mwana wanga Tadala, yemwe sanakwanitse n'chaka chomwe, anadzuka thupi lili ngati mbaula. Inu owerenga danga lino mukundidziwa: mwana akangoyetsemula, ine mtima uli kale m'malere. Ndinamubereka, apongozi anga pambuyo, pa kabaza mpaka kuchipatala china chakwathu kuno chomwe sinditchula dzina.

Anatigoneka ku wodi ya ana. Namwino, mtsikana waulemu ndithu, anamuyeza kutentha, nkhope n'kusintha. Kenaka anatulutsa foni n'kuyamba kudinadina.

"A nesi, mwana akupsa, inu muli pa foni?" anatero apongozi. "Kapena jekeseni masiku ano amatuluka m'menemo?"

"Ayi amayi, ndikuitana adokotala. Ogwira ntchito tili ndi gulupu yathu ya mauthenga pa foni. Akaona uthenga abwera."

Tinadikira. Tadala analeka kulira n'kuyamba kubuula, ndipo mayi aliyense amadziwa kuti kubuula kumaopsa kuposa kulira.

Ndinasuzumira pa foni ija. Inde, ndi mwano, koma kukoleji sanandiphunzitse kudikira. Uthenga unalipodi: "Mwana watentha kwambiri ku wodi ya ana, bwerani msanga." Koma pansi pake, abale anga! Wina akufunsa ngati feteleza wa makuponi wafika ku Santhe. Wina akuti wafika wobereketsa yekha, wokulitsa kulibe. Wina watumiza chithunzi cha mzere wa njinga pa depoti. Winanso wangolemba kuti "Ameni." Uthenga wa mwana wanga unali utakwiririka ngati mbewu yobzala mozamitsa.

"Achemwali," ndinanong'ona, "lembani kuti feteleza wafika ku wodi ya ana. Mitundu yonse iwiri, mzere palibe."

"Mukufuna andichotse ntchito?"

"Mudzanena kuti foni ndinakulandani."

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana Tadala. Kenaka anaika foni pabedi n'kutembenuka kukakonza neti yomwe inalibe vuto lililonse.

Ndinalemba ndekha.

Woyamba kufika anali mlonda, thumba lopanda kanthu m'khwapa. Pambuyo pake mayi wokolopa. Kenaka adokotala, ali wefuwefu.

"Feteleza ali kuti?"

Apongozi analoza Tadala. "Thumba lake ndi ili, adokotala. Tayambani mwaliona."

Bamboyo anafuna kukalipa, koma atagwira mwana pamphumi anayamba ntchito nthawi yomweyo. Anamuyeza magazi, anapeza malungo, jekeseni pompo. Pamene ndikulemba pano Tadala akukoka nsalu ya patebulo, mphamvu zabwerera zonse.

Zitatha, adokotala anapepesa. Anati foni yawo inakhala ikulira chiyambire m'mawa ndi nkhani za makuponi, mpaka anaitseka mawu kuti aone odwala bwino.

"Nanga uthenga wangawu munauona bwanji?" ndinafunsa.

"Sindinauone. Anandiuza ndi mlonda."

Mwamva? Uthenga wa feteleza uli ndi miyendo, umathamanga wokha. Wa mwana wodwala umakhala pansi kudikira.

Sindikuwaweruza anthuwa. Kuno ku Kasungu tonse ndife alimi. Dokotala akavula malaya oyera ali ndi nazale ya fodya kudambo, komanso mayi ake ku Chulu omwe akudikira thumba mvula isanagwe. Ngakhale foniyo sindikuida. Ikanapanda kukhalapo, namwino akanasiya wodi yonse n'kuyamba kuzungulira m'makonde kusaka munthu.

Chomwe chikundisowetsa mtendere n'chakuti taika mwana wodwala, mtengo wa feteleza, chinkhoswe cha mnzathu ndi vesi la m'mawa m'dengu limodzi. Tikatumiza uthenga timapuma, ngati kuti kutumiza ndiye kuuza. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo. Uthenga womwe sunayankhidwe ukadali pachala.

Kodi n'chovuta kukhala ndi gulupu ya odwala okha, yomwe ikalira aliyense adziwe kuti si za depoti? Ndipo ngati yankho silikubwera, bwanji osaimba, kapena kutuma munthu wamiyendo?

Ine bodza langa linagwira chifukwa ino ndi nyengo ya makuponi. Koma malungo sadikira nyengo. Mayi amene adzafike ndi mwana wobuula mwezi wokolola, feteleza aliyense atamuiwala, adzanama kuti kwafika chiyani?